Kung'anima kwa m'diso la aNambewe

Agogo anga aNambewe ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la makoko a mtedza akunyeka pang'onopang'ono kuseri kwa nkhokwe, losakanikirana ndi la fodya wonunkhiza amene ankasunga m'kabotolo komangirira pansonga ya chitenje chawo. Kenako ndimamva mpweya wawo wofunda paphazi langa. Ankandikhazika pamtondo wogoneka, n'kunyamula phazi langa mpaka kulifikitsa pafupi ndi mphuno yawo, singano ili m'dzanja, n'kumafufuza munga umene amayi anali ataulephera, nkhuku zikutola zotsalira pafupi ndi miyendo yathu, ine ndikuluma mlomo kuti ndisalire.

"Usagwedezeke, Sesiliya. Ndauona, wagona chopingasa."

Ndipo ankauonadi. M'mudzi mwathu kwa Mavwere munalibe munthu wina woona tinthu ting'onoting'ono ngati iwo. Mwana akalowedwa chitsotso m'diso ankathamangira naye kwa aNambewe. Nthawi yodzala ikayandikira, amayi a m'mudzi ankabwera ndi malichero a mtedza wa mbewu kuti awasankhire, chifukwa agogo ankaona kachuku kongoyamba kumene, kamene ena onse ankakadutsa. Zigamba zimene ankasoka pa yunifolomu yanga zinali zosaoneka msoko.

Koma anthu omwewo, akangotuluka pabwalo pathu, ankawatcha aMatama.

Chifukwa chake chinali chakuti agogo ankadutsa munthu panjira osamupatsa moni. Wina akawakodola ali tsidya la munda, iwo ankangopitiriza ulendo. Kutchalitchi ankatha kukhala pabenchi yoyandikana ndi m'bale wawo, Misa yonse mpaka kutha, osamuyang'ana n'komwe. Chaka china anadutsa asewere awo, amayi a mkazi wa amalume a Pasikale, amene anali ataima pansi pa mtengo wa mango akuwaimikira dzanja. Nkhani ija inakula mpaka agogo anakapepesa ndi nkhuku. Ndikukumbukira akubwerako, akuvula mpango n'kuumenyetsa pamphasa.

"Ndapepesa chifukwa cha chinthu chimene sindinachione. Ine ndimaona pamene dzanja langa lafika. Kupitirira apo ndi utsi wokhawokha."

Amalume a Pasikale, mwana wawo woyamba, amene anali mwini mbumba yathu, ankaseka akamva mawu amenewa. Ankati munthu woona munga m'phazi sangalephere kuona munthu wamkulu ataima pamtetete. Tsiku lina anawagulira magalasi pamsika wa kumalire, aja amagulitsidwa atayalidwa pansalu limodzi ndi zipeso. Agogo atawavala anati zinthu zafika poipa kuposa kale, n'kuwavula. Anali magalasi a okalamba owerengera, othandiza amene saona pafupi, pomwe vuto la agogo linali la patali. Koma panthawiyo palibe ankadziwa kusiyana kwake. Amalume anangoti, "Mwaona? Ngakhale mphatso amainyoza."

Munthu mmodzi yekha m'mudzi monse ankadziwa kuti agogo sakunama. Munthuyo ndinali ine.

Ndinali mu Sitandade 5 ndipo bolodi sindinkaliona. Aphunzitsi akalemba, ine ndinkangoona timizere toyera tosungunuka, ndiye ndinkakopera mu kope la mnzanga wokhala naye pafupi, mutu uli chowerama ngati ndikufuna kulinunkhiza. Pa masewera a fulaye mpira unkandimenya ndisanauone kuti ukuchokera kuti. Ndinkabisa. Ndinali nditamva mmene anthu ankanenera za agogo ndipo sindinkafuna kuti dzina lija lisamukire kwa ine.

Agogo anandigwira tsiku lina tikuchokera kuchigayo. Ndinali nditaima n'kufinya maso kuti ndizindikire munthu amene ankabwera panjinga. Iwo nkhope yanga sakanaiona bwino, koma anamva kuti ndachedwa kupereka moni mpaka munthuyo atafika pafupi. Titafika kunyumba anandikoka, nkhope yawo n'kuiyandikitsa pa yanga mpaka ndinamva fungo la fodya.

"Iwe uli ndi maso anga."

Ndinalira, ndinawachonderera kuti asauze munthu. Kenako anayamba kundiphunzitsa mmene iwo ankakhalira: kuti munthu umamudziwa ndi kayendedwe, ndi chifuwa chake, ndi kulira kwa tcheni cha njinga yake, ndipo ukakayika ungopereka moni ngakhale kwa chitsa. Anandiuzanso chinthu china chimene sindinkachidziwa, kuti diso lawo lamanzere linali litazima kalekale, amayi anga ali mtsikana. Ukaliyang'ana linali loyera bwinobwino, lakuda pakati ngati la mwana. Linangosiya kuona. Atauza anthu panthawiyo, anawafunsa kuti diso lakufa limakhala lokongola chonchi kodi, ndipo iwo anasiya kunena.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi m'Juni amene zinachitika. Mtedza tinali titakumba, uli milumilu pabwalo, ndipo banja lonse linkakhala pansi kuthothola kuyambira m'mawa, fumbi lili tolotolo m'tsitsi, mphepo yozizira ikung'amba milomo. Agogo anatuluka m'nyumba mwawo, n'kuima pakhomo, n'kuyang'ana kumwamba.

"Kukung'anima kuti?"

Amayi anayang'ana. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

"M'Juni muno, amayi? Kulibe mvula."

Agogo anatembenuza mutu mbali ina, kenako ina. Anaphimba diso lamanja ndi chikhatho, n'kulitsegula. Kenako anayamba kupukusa dzanja patsogolo pa nkhope yawo ngati akuingitsa ntchentche. Anati mwaye ukugwa, timadontho takuda tambirimbiri tikuyandama, ndipo kumbali kwa diso kukuthwanima ngati mphezi. Mawu awo anasintha. Ndinali ndisanawamvepo akuchita mantha.

"Pasikale, siya zimenezo. Unditengere ku Lilongwe lero. Lamanzere lija linayamba chomwechi."

Amalume sanadzuke msanga. Anamaliza kaye phata limene linali m'manja mwawo, anasasa fumbi pa thalauza, n'kubwera kudzawatsegula chikope ndi chala.

"Likuwawa?"

"Ayi."

"Likuyabwa?"

"Ayi. Ndati likung'anima."

"Silinafiire, silikutuluka misozi, silikuwawa. Ndiye ndikauze dokotala kuti chiyani? Mavenda akubwera Lachisanu, mtedza uli pansi, ngolo ndi imodzi. Dikirani tithane ndi izi."

Agogo anakuwa. Anawatchula amalume mayina amene sindingawalembe pano. Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kusuzumira pa mpanda. Ndipo apa amalume anachita chinthu chimene mpaka lero chikandibwerera m'mutu ndimasiya kudya. Anatuma akazi awo kukatenga singano ndi ulusi, n'kuziika m'manja mwa agogo, anthu onse akuona.

"Lowetsani."

Agogo akanakana. Ndakhala ndikulakalaka zaka zonsezi akanaiponya pansi singano ija. Koma manja awo anali atazolowera. Anaiyandikitsa pa diso, ananyowetsa ulusi ndi malovu, ndipo unalowa ulendo woyamba womwewo.

Anthu anaseka. Wina kuseri kwa mpanda anati aMatama atopa kuthothola mtedza, akufuna kukaona tauni.

Kenako amalume anatembenukira kwa ine, chifukwa ine ndi amene ndinkagona m'nyumba mwa agogo.

"Iwe Sesiliya, umakhala nawo tsiku ndi tsiku. Agogo akowa amaona kapena saona?"

Ndinkadziwa yankho lonse. Ndikanati amaona pafupi pokha, ndipo ndikudziwa chifukwa inenso ndili choncho. Ndikanati diso lina linafa kale, latsala limodzi. Koma pa mpanda paja panali ana a m'kalasi mwanga awiri. Ndinayang'ana pansi.

"Amaona."

Agogo sanandidzudzule pa yankho lija, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anabaya singano ija pa chitenje chawo n'kulowa m'nyumba.

Pa tsiku lachitatu amayi analephera kupirira nazo. Bambo anga anali kutali, ku esiteti ya fodya, ndipo amayi sankatha kutsutsana ndi achimwene awo pamaso. Anangobwereka njinga kwa mnzawo mwakachetechete n'kukweza agogo kupita kukachipatala kena kakang'ono. Anabwerako masana ndi kachubu ka mankhwala opaka m'maso. Amayi anati bambo amene anawaona anaunika ndi tochi, anafunsa zaka zawo, n'kunena kuti ndi ukalamba, mwina ng'ala ikuyamba, adikire madokotala a maso amene adzabwere m'Ogasiti. Agogo anamuuza za mphezi, anamuuza za diso lamanzere, koma panja panali mzere wa amayi ndi ana odwala malungo ndipo iye anali atayamba kale kuitana wotsatira.

Amalume atamva anati, "Si ndinanena? Ngakhale achipatala akuti dikirani."

Agogo ankapaka mankhwala aja m'mawa ndi madzulo, ngakhale ankadziwa kuti sakugwira kanthu. Mtedza unathotholedwa, unauma, unalowa m'matumba. Mavenda anabwera Lachisanu n'kupita. Loweruka agogo anandiitana ndikusesa.

"Taima apo. Tambasula manja."

Ndinatambasula.

"Dzanja limodzi ndikuliona. Linalo kulibe. Pali chinsalu chakuda chikubwera kuchokera mbali iyi."

Tsiku lililonse ankandiimika pamalo omwewo, pafupi ndi khonde, ndipo tsiku lililonse kachidutswa kena ka ine kankasowa. Dzanja, kenako phewa, kenako khutu. Ankanena mosakweza mawu, ngati akundiuza kuti mchere watsala pang'ono.

Lachiwiri m'mawa anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anagwira tambala wawo wamkulu n'kumumanga miyendo, n'kundiuza kuti lero sindipita kusukulu. Ankafuna tikafike pamsewu waukulu, tikapeze matola opita ku Lilongwe, woyendetsa akalandire tambalayo m'malo mwa ndalama. Tinayenda maola awiri, iwo atagwira phewa langa, tambala ali m'khwapa mwanga. Titafika pamsewu ndi pamene ndinazindikira kupusa kwa ulendo wathu. Tinali anthu awiri osaona patali. Galimoto ikamabwera sitinkadziwa ngati ndi matola, lole ya fodya kapena ya boma mpaka itatidutsa. Tinkaimika chilichonse cholira. Ina inaima, woyendetsa anaona tambala, anaseka n'kupita.

Tisanapeze ina ndinamva kulira kwa tcheni chimene ndinkachidziwa. Wina anali atawauza amalume. Anatsika panjinga thukuta lili kamukamu, ndipo chimene chinawapweteka sichinali diso la mayi awo.

"Mukufuna anthu azinena kuti Pasikale wataya mayi ake pamsewu ndi nkhuku? Mukundichititsa manyazi. Kwerani. Lolemba ndikutengerani ndekha."

"Lolemba lidzapeza kulibe chotengera."

"Kwerani, amayi."

Anakwera. Ine ndinabwerera wapansi ndi tambala.

Lolemba kunagwa maliro kumudzi kwa akazi a amalume. Lolemba linalo ng'ombe ina ya pangolo inadwala. Pakati pa Malolemba awiriwo, m'mawa wina agogo anandiimika pafupi ndi khonde monga mwa masiku onse, anayang'ana nthawi yaitali kumene ndinaima, kenako anati, "Chabwino, pita kusukulu." Sanandiimikenso.

M'Ogasiti madokotala a maso anabweradi. Amalume anamanga ngolo, anayala mphasa ndi bulangeti, ndipo anayendetsa okha, akupereka moni mokweza kwa aliyense panjira kuti aone mwana wosamala mayi ake. Ine ndinapita nawo kuti ndiziwagwira dzanja agogo. Panali okalamba ambiri a maso otuwa ndi ng'ala, ndipo ambiri a iwo ankalembedwa mayina kuti akachitidwe opaleshoni. Itafika nthawi yathu, dokotala wamkazi anawadonthezera mankhwala, anatidikiritsa, kenako anavala nyali pamphumi n'kuyang'ana m'diso mwa agogo nthawi yaitali kuposa mmene anachitira ndi ena onse. Atamaliza anavula nyali ija pang'onopang'ono.

"Iyi si ng'ala. Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala. Kamatuka konse, ndipo kayamba kale kukwinyika. Lamanzereli linachita chimodzimodzi kalekale. Amayi, musanadwale munkaona patali?"

"Chibadwire sindinaoneko patali."

"Munaonako kung'anima, kapena timadontho takuda?"

"M'Juni."

Dokotala anatembenukira kwa amalume. Sanakweze mawu. Anati anthu osaona patali kwambiri ndi amene kachikopa kameneka kamawang'ambikira kawirikawiri, kuti sikawawa, ndipo kunja diso limaoneka labwinobwino. Anati akanabwera sabata imene kunayamba kung'anima, akanawatumiza kumene amakonza zimenezi, ndipo ngakhale sakanalonjeza, mwayi unalipo. Tsopano panalibe choti angachite.

"Chinakuchedwetsani n'chiyani, bambo?"

Amalume anapotokola chipewa m'manja. Ndimawaonabe, ngakhale panthawiyo nkhope yawo inali chizimezime kwa ine.

"Vuto lake, adokotala, mayi athuwa sanatiuze bwinobwino."

Ndinamva zala za agogo zikulowa m'dzanja langa mpaka zikhadabo. Ndinadikira kuti akuwe monga anachitira pabwalo paja. Sanakuwe. Anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawu a amalume.

"Ndinakuuza ndili chiimire. Ndinakuuza nditakhala pansi. Ndinakuuza pamsewu, nkhuku ili m'manja. Unkafuna ndikuuze m'Chingerezi?"

Kenako anandikankhira kutsogolo, mpaka ndinagunda bondo la dokotala.

"Ine zanga zatha. Muyezeni uyu. Ali ndi maso anga, ndipo akuopa kunena."

Chinsinsi chimene ndinagulitsira agogo anga chinathera pomwepo, m'mawu ochepa, pamaso pa amalume ndi mzere wonse wa anthu. Anandiimika patsogolo pa chikwangwani cha zilembo ndipo ndinangotha kuwerenga chachikulu cha pamwamba, nditafinya maso. Patatha milungu ingapo magalasi anga anafika, ochindikala ngati pansi pa botolo. Nditawavala ndinaona kuti mtengo wa mango uli ndi masamba, limodzilimodzi, osati chimtambo chobiriwira. Ndinaona makwinya pamphumi pa amayi. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope ya agogo ndili tsidya la bwalo, atakhala pamphasa akuswa mtedza ndi zala zokha, maso awo okongola aja ali chitsegukire, akuyang'ana khoma.

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Anthu a m'mudzi anasiya kuwatcha dzina lija. Anayamba kubwera ndi maungu ndi mawu ofewa, akumati, "Kodi zinali zoona eti." Agogo sanawafewere. Mayi wina amene anaseka nawo tsiku la singano atabwera kudzawazonda, anamuyankha kuti, "Ndakudziwa ndi chifuwa chako. Ika maunguwo pansi uzipita." Anthu ankati khungu lawawawitsa mtima. Ine ndimati anali ndi ufulu wonse. Munthu anamunamizira kunyada kwa zaka makumi asanu, anamupepesetsa ndi nkhuku, anamuyesa ndi singano ngati wakuba, ndiye pomaliza ankafuna awathokoze chifukwa cha maungu.

Ine ndekha sanandikalipirepo za yankho langa lija. Ndili mu Fomu 2 ndinalimba mtima n'kuwapepesa. Anapitiriza kuswa mtedza.

"Unali mwana. Akuluakulu analipo."

Anangonena zomwezo. Ndikanakonda akanandimenya.

Lero ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mchinji boma. Zaka zitatu zapitazo, ndikulemba pabolodi, kumbali kwa diso langa lamanja kunathwanima. Ndinaima, choko chili m'manja. Kunathwanimanso, ndipo timadontho takuda tinayamba kuyandama pamwamba pa zimene ndinalemba. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinauza ahedi ndikutuluka pageti kuti ndikupita ku Lilongwe, ndipo masana omwewo ndinali pamzere wa chipatala cha maso. Mlembi atandiuza kuti ndibwere sabata yamawa chifukwa diso silikuwawa, ndinakhala pansi pakhomo pa chipinda cha dokotala n'kunena kuti andinyamule okha.

Dokotala anapeza kang'ambiko kakang'ono, kachikopa kaja kasanayambe kumatuka. Anandifotokozera kuti diso la munthu wosaona patali limakhala lotalikirapo kuposa la anthu ena, ndiye kachikopa ka m'katimo, kamene iwo amati retina, kamakhala kokokeka ngati nsalu yaing'ono yoyalidwa pa tebulo lalikulu, ndipo sikachedwa kung'ambika. Anati magalasi amathandiza kuona, koma sasintha kutalika kwa diso, choncho ngozi imakhalapobe moyo wonse. M'mawa mwake anandikhazika pa makina, anawotcherera m'mbali mwa kang'ambiko ndi kuwala kobiriwira, ndipo ndisanatope n'kukhala anati ndamaliza.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi. Mwabwera nthawi yabwino. Kwanu alipo amene zinamuchitikirapo?"

Ndinatuluka, ndinakakhala pa benchi ya panja, ndipo ndinanjenjemera ndi ukali mpaka mayi wina wosamudziwa anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Sindikudziwa ngati m'masiku a agogo makina amenewa analipo pafupi. Mwina akanafika n'kubwezedwa. Mwina opaleshoni ikanalephereka. Koma palibe anayesa. Mtedza unagulitsidwa pa nthawi yake, maliro anapitidwa, ng'ombe inachira.

Chaka chatha amalume a Pasikale anafika kunyumba kwanga atagwirizidwa ndodo, maso onse awiri atatuwa ndi ng'ala. Akalamba, mawu awo achepa. Anakhala pampando n'kuyamba kuzungulira, za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako anati amva kuti ine ndimadziwana ndi madokotala a maso, ndiye mwina tsiku lina ndikapeza mpata, sukulu ikatsekera.

Ng'ala imadikira, ndinkadziwa zimenezo. Akanatha kudikira mpaka tchuthi popanda choopsa. Koma ndinalowa kuchipinda, ndinatenga chikwama, n'kuwauza kuti adzuke.

"Lero lomwe? Si uli ndi ntchito?"

"Ndili nayo. Dzukani."

Tinakwera minibasi n'kuyenda mpaka ku Namitete. Kumeneko amalume anakhosomola, n'kunena, nkhope ili kuwindo, kuti agogo anali munthu wovuta kumumvetsa. Ndinawayankha kuti ine ndinkawamvetsa bwinobwino ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tonse awiri tinawasiya.

Atawachita opaleshoni n'kuwamasula bandeji, anaseka ngati mwana, akuwerenga kalendala ya pakhoma mokweza, akugwira dzanja namwino aliyense. Kenako anandiyang'ana ine, ndi magalasi angawa, ndipo kuseka kuja kunazilala. Ndinaona kuti akufuna kunena kanthu. Ndinadikira. Anafunsa ngati tipeze basi ya masana.

M'kalasi mwanga mwana akangofinya maso ndimamusamutsira kutsogolo tsiku lomwelo, ndipo Loweruka ndimakwera njinga kupita kwa makolo ake. Ena amandilandira, ena amati mwana wawo ndi waulesi chabe, ndipo pamenepo ndimakweza mawu mpaka oyandikana nawo kutuluka. Ndikudziwa kuti m'midzi yozungulira amati madamu a magalasi aja ndi aukali. Amayi anga akuti ukali umenewu undidwalitsa, ndiwakhululukire amalume poti akalamba. Ndimawayankha kuti kuchipatala ndinawaperekeza, maso awo akuona. Zokhululukazo adikire kaye, ndili ndi zochita.